Crankshaft ya 3L ikukana kuzungulira ndi manja titamanga ma main, tipitirize?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, makamaka amakaniki a dizilo, ndigawireni nzeru ndalama zisanapite kawiri. Ndili ndi Hiace ya injini ya 3L, ija ya 2.8, imayenda Limbe ndi Bangwe. Inanoka mwezi watha. Tinaiphwasula, block ndi crankshaft zinapita ku engineering, komwe amapala zitsulo za injini. Masilinda anawakuza ndi 0.50 mm, shaft anaipala ten-ten, ndiye kuti 0.25 mm pa ma main (pomwe shaft imagona mu block) komanso 0.25 mm pa ma big end (pomwe pamagwira ma conrod, mikono ya mapistoni). Ndagula mapistoni ndi maring'i a 0.50, ma bearing a 0.25 ndi gasket set yonse.

Dzulo makaniki wanga wayamba kumanga. Mapistoni asanalowe n'komwe, wangogoneka shaft, kuika ma cap onse asanu (zivindikiro zogwira shaft pa ma main) n'kumanga mabawuti. Kuyesa kuzunguza ndi manja, yakaniratu. Ikutembenuka pokhapokha aike power bar pa bawuti ya pulley n'kuitsamira. Iye akuti injini yokonzedwa kumene imalimba chonchi, tikadzaikoka ndi galimoto ina idzafewa yokha. Ine mtima ukukana. Kodi zimaterodi? Ngati ayi, tiyambire pati? Sindikufuna kumunyoza, wandikonzera galimoto zaka zambiri, koma ngongole ya ma spare sindinamalize kubweza.

Makaniki wa ku Biwi, Lilongwe: Bwana, imani pomwepo, pistoni isalowe ngakhale imodzi. Shaft yopanda mapistoni, yothiridwa oyilo bwino, imazungulira ndi dzanja limodzi mutagwira kumbuyo komwe kumakhala flywheel. Kulimba kumene akunenako kulipodi, koma kumabwera maring'i atsopano akagwira makoma a masilinda, osati pa ma main. Pakati pa bearing ndi shaft pamatsala mpata wa m'ma 0.03 mpaka 0.07 mm, ndipo mpata umenewo ndi malo a oyilo. Ukasowa, chitsulo chimakhuzana ndi chitsulo. Mukaikoka ilira ndithu, mudzasangalala tsiku limenelo, koma bearing ikatentha imamatirira ku shaft n'kuyamba kuzungulira nayo limodzi m'nyumba mwake. Zikafika pamenepo si shaft yokha, block nayonso yapita.

Chitani izi: masulani mabawuti onse, muone ngati shaft ikuzungulira ma cap ali omasuka. Kenako mangani cap imodzi, zunguzani. Mangani ina, zunguzani. Yomwe ikaigwire ndi yomwe ili ndi mlandu.

Wina: Yang'anani manambala pa ma cap, amwene. Toyota imalemba 1 mpaka 5 ndi kamuvi koloza kutsogolo, ku mbali ya timing belt. Ma cap amenewa anapalidwira limodzi ndi block ku fakitale, iliyonse ili ndi malo ake. Ana a pa garaja akamatsuka mu beseni la dizilo amangosakaniza.

Wina: Ife kuno timangoika kapepala ka siliva ka mu paketi ya fodya pansi pa cap, imamasuka bwinobwino. Galimoto zikuyenda mpaka lero.

Makaniki wa ku Biwi, Lilongwe: Aise, zimenezo siyani kuphunzitsa anthu. Kapepalako kamakweza cap, bowo silikhalanso lozungulira, ndipo bearing siipanidwa mokwanira m'malo mwake. Ndi nzeru yofikira kunyumba ukafera kutchire, osati ya injini imene munthu wangoigulira mapistoni.

Wina: Bwanji osangogula injini ya ex-Japan n'kupumula?

Wofunsa: Ndinaganizirapo achimwene, koma 3L ndi ya m'ma 1990, zomwe zimabwerazo nazonso ndi zotopa ndipo sudziwa zamkati mwake. Komanso ndalama zalowa kale mu block iyi.

Wopala ma shaft, Blantyre: Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndiye ndiyankhulako motalika pang'ono. Choyamba musakhulupirire bokosi. Tulutsani bearing iliyonse muwerenge kumbuyo kwake, pamadindidwa STD, 0.25 kapena 0.50. M'mashopu mabokosi amatsekulidwa, wina wabweza, wina wasinthitsa, ndiye ya 0.50 imodzi ikasochera mu seti ya 0.25 shaft siyenda.

Chachiwiri, kumbuyo kwa bearing kukhale kouma ndi koyera. Ambiri amathira oyilo kapena girizi pamenepo poganiza kuti akuchita bwino, kapena pamatsala kamchenga kamodzi, bearing n'kutukuka. Oyilo amapita mbali yokhudza shaft basi. Onaninso kuti zidutswa za bearing zokhala ndi ngalande ndi bowo la oyilo zili ku block, zosalala zili ku ma cap. Mukazisemphanitsa mwatseka njira ya oyilo, ndipo zimenezo simungazimve ndi dzanja, mudzazimva pa msewu. Ma thrust washer (oletsa shaft kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo) a pa cap yapakati, timizere take tiyang'ane ku shaft.

Chachitatu, yezani, musamangoganizira. Pali kaulusi kotchedwa Plastigage, kobiriwira kamayeza 0.025 mpaka 0.076 mm. Mumadula kachidutswa, kukagoneka pa shaft youma, kumanga cap pa torque yake osazunguza, kumasula n'kuyerekeza kuphwatalala kwake ndi mizere ya pa pepala lake. Kakasowa m'mashopu, tengani block, shaft ndi ma bearing mupite nazo kwa amene anapala, ayeze ndi micrometer inu mukuona. Ifenso timaphonya, makina athu ambiri ndi akale.

Ma main a 3L amamangidwa pa 103 Nm, pang'onopang'ono mobwereza, kuyambira pakati kupita kunja. Makaniki wanuyo torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ali nayo, kapena akumanga ndi paipi?

Wofunsa: Akumanga ndi power bar, akuti dzanja lake linazolowera.

Mayi wa minibasi, Mzuzu: Achimwene, dzanja lozolowera silidzakubwezerani ndalama ikanokanso. Kabwerekeni torque wrench ngakhale yolipira pa tsiku. Za kumunyoza musadandaule, mungomuuza kuti a engineering akuti sadzamva dandaulo lililonse ngati simunayeze musanamange. Mukatero sakhumudwa, mlandu wapita kwa ena.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndabwera ndi zomwe tapeza. Ma bearing onse ndi 0.25, ali bwino. Koma cap 2 ndi cap 4 zinasinthana malo. Tazibwezera, tabwereka torque wrench, tamanga pa 103. Tsopano ikuzungulira ndi manja, kungoti pali malo amodzi pomwe ikumagwira pang'ono, ukapitirira pamenepo n'kumasukanso. Makaniki akuti apa ndiye palibe vuto. Tiike mapistoni?

Wopala ma shaft, Blantyre: Ayi, musafulumire. Ikamalimba mozungulira monse, vuto ndi mpata. Ikamagwira malo amodzi okhaokha pa kuzungulira kulikonse, kawirikawiri shaft ndi yopindika, ndipo pa injini yonoka sizachilendo chifukwa cha kutentha kwa pa big end yomwe inapsa. Musanaiweruze, itulutseni mupapase ndi chala m'mphepete mwa mabowo a oyilo, mwina patsala kachitsulo kotukuka pomwe anapala. Yang'ananinso ma bearing a 2 ndi 4, munawapana ali malo olakwika n'kuzunguza ndi bar. Ngati pali powala ngati pakhulidwa, sinthani seti. Zonsezo zikakhala bwino, shaft ikwere pa ma V-block ayeze kupindika kwake ndi dial gauge pa main yapakati. Ikapitirira 0.06 mm siyoyenera kulowa mu injini.

Poti shaft ikutuluka kale, tsukaninso njira zake za oyilo ndi kaburashi ndi mpweya. Phala la popalira limabisala mmenemo.

Wina: Mukadzafika pa head, gasket ya mu seti musangoiika. Za 3L zilipo zitatu, B, D ndi F, zimasiyana kuchindikala, amasankha atayeza mmene pistoni yatulukira pamwamba pa block.

Wofunsa: Ndamva akuluakulu. Pa bearing ya nambala 4 pakuwaladi mbali imodzi. Lolemba shaft ikubwerera ku engineering, ndigulanso seti ya ma main. Mabawuti a ma conrod akale aja ndingawagwiritsenso ntchito?

Makaniki wa ku Biwi, Lilongwe: Amenewo amamangidwa pa 54 Nm kenako n'kuwonjezera madigiri 90, ndiye amatamuka nthawi iliyonse akamangidwa. A pa conrod yomwe inanoka tayani osaganizira kawiri, ndipo conrod yakeyo ipite limodzi ndi shaft akayeze ngati bowo lake likadali lozungulira. Enawo ayezedwe, woonda pakati aliyense achoke.