Kodi mpikisano wa zilombo uziweruzidwa ndi manambala kapena ndi kalembedwe?

Kadzidzi:

Akuluakulu, ndikupempha maganizo anu pa malamulo a mpikisano woonetsa luso la zilombo m'masewero athu a Pokémon, momwe aliyense amalemba ngati iye ndiye mwini chilombo, n'kumafotokoza m'mawu zomwe chilombocho chikuchita pabwalo. Pakadali pano woweruza mmodzi amawerenga zomwe opikisana alemba, kenako amapereka mapointi kuyambira 1 mpaka 10 monga momwe iye waonera. Dandaulo lomwe likumveka kawirikawiri ndi lakuti olemba zitalizitali ndi mawu okometsera ndiwo amapambana nthawi zonse, ngakhale atasankha luso losagwirizana ndi gulu la mpikisanowo, pomwe amene anakonzekeretsa chilombo chawo mosamala, koma alibe mphatso yolemba mokoma, amangotsalira kumapeto. Ena akuti tingotengera malamulo a m'masewero a Pokémon a pa Game Boy Advance, kamakina kosewerera ka m'manja, momwe alili, koma ena akuti tikatero kulemba nkhani kudzakhala kopanda ntchito chifukwa zonse zidzasanduka masamu. Kodi ziwirizi tingaziphatikize bwanji popanda kumulemetsa woweruza?

Nyalugwe:

A Kadzidzi, musanakane masamuwo, ndi bwino muone kaye chomwe amateteza. Mipikisanoyi inayamba m'masewero a pa Game Boy Advance otchedwa Ruby ndi Sapphire, omwe anatuluka ku Japan mu 2002, ndipo inali ndi magulu asanu, Cool, Beauty, Cute, Smart ndi Tough, komanso masitepe anayi kuchokera pa Normal, kudzera pa Super ndi Hyper, kufika pa Master. Zilombo zinayi ndizo zimalowa pabwalo. Poyamba owonerera amayang'ana maonekedwe a chilombo, omwe mwiniwake amawakweza pochidyetsa ma Pokéblock opangidwa kuchokera ku zipatso, ndipo chilombo chimafika poti sichingadyenso, kotero munthu amayenera kusankhiratu gulu lomwe akuchikonzera. Kenako pamabwera ndime zisanu zoonetsa luso.

M'ndime zisanuzi ndi momwe muli nzeru yonse. Luso lililonse lili ndi mitima yomwe limapeza, yomwe ndi mapointi a m'masewerowa, maluso ena ali ndi mphamvu yodzidzimutsa zilombo zina kuti mitima yawo ichepe, ndipo amene wapeza mitima yambiri m'ndime ino ndiye amayamba m'ndime yotsatira. Poti kudzidzimutsa kumagwera amene aonetsa kale luso lawo, wotsogola amakhala pamalo oopsa, pomwe wotsalira amapeza mpata wobwezera. Kubwereza luso lomwelo kawiri motsatizana kumakhumudwitsa woweruza, koma maluso ena akatsatizana bwino, monga Rain Dance (logwetsa mvula) kenako Thunder (la mphezi), mitima imawirikiza. Palinso chisangalalo cha owonerera chomwe chimakwera pang'onopang'ono luso likagwirizana ndi gulu la mpikisano, ndipo amene wachifikitsa pachimake amalandira mitima yowonjezera yochuluka, ngakhale kuti anzake ndiwo anachikweza. Zonsezi zimachititsa kuti munthu apambane chifukwa choganiza bwino, osati chifukwa chokondedwa ndi woweruza. Maganizo anga ndi akuti mapointi 7 mwa 10 alionse azichokera ku mitima imeneyi, ndipo atatu okha ndiwo azisiyidwa m'manja mwa woweruza.

Njiwa:

Zomwe afotokoza a Nyalugwe ndi zoona, koma gawo lomwe asiyira kalembedwe ndikuona kuti lachepa kwambiri. Amene akufuna masamu okhaokha ali kale ndi masewero a pa makina, ndipo makinawo amawerengera mitima mofulumira kuposa woweruza wina aliyense. Anthu amabwera kuno chifukwa akufuna kuona chomwe makina sangaonetse. Taganizirani opikisana awiri omwe onse asankha Ice Beam m'gulu la Beauty. Woyamba walemba kuti chilombo chake chawomba madzi oundana m'mwamba ndipo owonerera asangalala. Wachiwiri, yemwe m'ndime yapita anagwetsa mvula pabwalo, walemba kuti chilombo chake chaumitsa madontho omwe anali akutsikabe, n'kudutsa pakati pake chikuzungulira kuti agwe mmodzimmodzi ngati mikanda. Pa manambala awiriwa akhoza kufanana, komatu wachiwiriyu wagwiritsa ntchito zomwe zinachitika kale pabwalo, ndipo lamulo lomwe silingawasiyanitse lidzagwetsa mphwayi olemba athu abwino.

Vuto lomwe a Kadzidzi atchula si kalembedwe ayi, koma kutalika kwa zolemba ndi kukondera. Kutalika kumatha ndi lamulo losavuta lakuti ndime iliyonse isapitirire mawu 200, ndipo woweruza asawerenge zomwe zapyola pamenepo. Kukondera kumachepa oweruza akakhala atatu, monga momwe zinalili m'mipikisano ya m'masewero a Pokémon otchedwa Diamond ndi Pearl a 2006, ngakhale kuti kumeneko ntchito yawo inali yosiyana ndi yomwe ndikunena pano. Aliyense apereke mapointi ake payekha asanaone a mnzake, ndipo pointi yapakati ndiyo itengedwe, kuti mmodzi akakometsa kapena akakhwimitsa mopitirira asasokoneze zotsatira. Zikatero, ine sindiona choopsa kugawa pakati, theka ku mitima ndi theka ku kalembedwe.

Nyalugwe:

Malire a mawu ndagwirizana nawo, a Njiwa, koma oweruza atatu pa mpikisano uliwonse ndi katundu wolemera kwa gulu la anthu ongodzipereka. Mpikisano wa ndime zisanu umafuna kuti onse atatu apezeke kasanu, ndipo mmodzi akangosowa, opikisana anayi amakhala akudikira. Ndingavomere atatu pa sitepe ya Master yokha, pomwe riboni yake imalimbiranidwa kwambiri, koma m'masitepe apansi woweruza mmodzi ndi wokwanira malinga azilemba chifukwa cha pointi iliyonse yomwe wapereka.

Fulu:

Nonse mwakamba za kagawidwe ka mapointi, koma pali malo ena omwe chinyengo chimalowera mosavuta kuposa pamenepo, ndiwo nthawi yosankha luso. Ngati opikisana alemba poyera mmodzi pambuyo pa mnzake, womaliza amakhala ataona zonse, ndipo amasankha luso lodzidzimutsa lomwe lingapweteke kwambiri, kapena amadikira chisangalalo cha owonerera chitatsala pang'ono kudzaza. M'masewero a pa makina onse amasankha ndime isanayambe, osadziwa chomwe anzawo asankha. Choncho aliyense azitumiza dzina la luso lake kwa woweruza mwachinsinsi, woweruza alengeze maluso onse anayi pamodzi ndi mitima yake, ndipo pokhapo ndiye opikisana alembe nkhani zawo mogwirizana ndi zomwe zachitikadi. Njira imeneyi imathetsanso khalidwe lolembera chilombo cha mnzako zochita, monga kunena kuti chinachita mantha n'kuthawa pabwalo, pomwe manambala sananene zimenezo.

Pakhalenso nthawi yoikika, mwina maola 48 pa ndime iliyonse. Wochedwa kamodzi angotaya mitima ya ndimeyo, koma wochedwa kawiri atuluke, ndipo woweruza asalowetse chilombo chake mu mpikisano womwe iye akuweruza. Mndandanda wa maluso otsatizana usindikizidwe mpikisano usanayambe, chifukwa mkangano woti luso lakuti likutsatana ndi lakuti ukabuka pakati pa ndime, chigamulo chilichonse chimaoneka ngati chokondera wina.

Kadzidzi:

Zikomo nonse. Ndilemba malamulo oyeserera okhala ndi kusankha luso mwachinsinsi, malire a mawu 200, maola 48 pa ndime, komanso oweruza atatu pa Master pokha. Pa kagawidwe ka mapointi ndiyamba ndi 6 ku mitima ndi 4 ku kalembedwe, ndipo tidzaunikanso tikamaliza mipikisano ya magulu onse asanu. A Fulu, ndikupempha kuti mundithandize kukonza mndandanda wa maluso otsatizanawo, makamaka a zilombo zatsopano zomwe maluso awo kunalibe mu Ruby ndi Sapphire.