Kodi mbale yakale ya Hildegard Knef ndi yoyenera kuigula?

Chimbale63: Pa Discogs, msika wa mbale za nyimbo wa pa intaneti, pali mbale ya galamafoni ya 1963 ya woimba wa ku Germany Hildegard Knef, So oder so ist das Leben. Wogulitsa ali ku Germany ndipo waika giredi ya VG (Very Good, yogwiritsidwa ntchito ndithu koma yomveka). Akuluakulu, igulidwe?

MdalaWaGalamafoni: VG ayi, achimwene. Mayiyu anayambira m'mafilimu, kuimba kunabwera pambuyo. Anabadwira ku Ulm mu 1925, nakulira ku Berlin, n'kutchuka mu 1946 ndi Die Mörder sind unter uns, filimu yoyamba ya ku Germany nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. N'chifukwa chake amaimba ngati akulankhula, ndi mawu otsika, osasa pang'ono. Kukoma konse kuli m'katchulidwe. Mizere ya mbale ikaperepeseka, "s" ndi "sch" wa Chijeremani amangoti tsss, makamaka nyimbo zomalizira za pafupi ndi chibowo. Funani giredi yapamwamba, VG+ kapena NM (Near Mint, pafupifupi yatsopano), ndipo wogulitsayo atumize chithunzi cha mbale itaunikidwa chammbali, zokandika zioneke.

Nachisale_M: Ine ndikuti muisiye. Ndalama yotumizira ikhoza kuposa mtengo wa mbaleyo, ndipo ikakhalitsa potentha imafika itapindika. Komanso ngati mukufuna Für mich soll's rote Rosen regnen, mulibemo, imeneyo ndi ya 1968. CD ya nyimbo zake zosankhidwa imakwanira.

MdalaWaGalamafoni: Za 1968 mwanena zoona, mayi. Koma kupindika kumapeweka: wogulitsa aichotse m'chikuto, aimange pakati pa makatoni awiri olimba.

Singano33: Funso lenileni ndi galamafoni yanu. Tija tooneka ngati sutikesi timakanikiza singano mopitirira, mbale yabwino n'kutha msanga. Singano zambiri zimafuna pafupifupi magalamu 2. Potsuka, madzi a distilled ndi burashi yofewa, motsatira mizere, sipiriti asayandikire. Posunga muiimike, osaigoneka pansi pa zinzake.

Nachisale_M: Wina asakupusitseninso ndi dzina loti Hildegarde Neff. Ndi yemweyo, analisintha ku America, komwe anasewera mu The Snows of Kilimanjaro mu 1952 ndi Silk Stockings, sewero la nyimbo za Cole Porter, pa Broadway ku New York mu 1955. Mbale ya seweroli ilipo, koma nyimbo zambiri amaimba ndi ena.

Singano33: Ndiye ya 1963 ija, ikakhala VG+ ndipo muphatikize ziwiri kapena zitatu phukusi limodzi, gulani. Imodzi yokha ya VG, tsatirani mawu a mayi Nachisale.