Kusankha draivu ya DVD kapena Blu-ray yogwirizana ndi Linux

Funso

Ndikupempha malangizo kwa amene mwakhala mukugwiritsa ntchito Linux kwa nthawi yaitali. Laputopu yanga ikuyendera Debian, mtundu umodzi wa Linux, ndipo, monga malaputopu ambiri a masiku ano, ilibe polowetsera chimbale. Ndili ndi zimbale zakale za nyimbo ndi ma DVD a mafilimu amene ndikufuna ndizionera, komanso ndikufuna kusunga zithunzi ndi zikalata pa zimbale kuti zisamangokhala pa hadi diski imodzi. Chimene chikundikayikitsa n'chakuti pa makatoni a madraivu a USB amene ndaona amangolembapo Windows ndi macOS, Linux osaitchula n'komwe. Kodi draivu yotere ingagwire ntchito pa kompyuta yanga? Nanga ndigule ya DVD chabe, kapena ndibwino kungogula ya Blu-ray?

Yankho loyamba

Zolembedwa pa katoni zisakudetseni nkhawa, chifukwa kawirikawiri zimanena za mapulogalamu amene kampani yaikamo m'bokosi komanso za makompyuta amene kampaniyo yalonjeza kuthandiza pakabuka vuto. Draivu payokha imalankhulana ndi kompyuta m'njira imene opanga onse anagwirizana kalekale, yotchedwa MMC, yomwe ndi mbali ya malamulo a SCSI, ndipo kernel ya Linux, yomwe ndi phata lake loyendetsa zipangizo za kompyuta, imaidziwa njira imeneyi popanda kuikamo china chilichonse chochokera kwa wopanga. Ya m'kati mwa kompyuta yolumikizidwa pa SATA ndi ya kunja yobayidwa pa USB, zonse zimaonekera ndi dzina lakuti /dev/sr0, ndipo ikakhalapo yachiwiri imakhala /dev/sr1.

Mukaigula, ibayeni n'kulemba lamulo la lsblk pa terminal (polembera malamulo) kuti muone ngati sr0 yatulukira. Mukafuna kudziwa zimene draivuyo ingathe kuwerenga ndi kulemba, tsegulani fayilo ya /proc/sys/dev/cdrom/info. Pobena zimbale, ndiko kuti kulembapo zinthu, pali mapulogalamu a K3b, Brasero ndi Xfburn, ndipo kwa okonda kulemba malamulo pamanja pali xorriso. Ine ndimaona kuti K3b ndiyo imafotokoza bwino pamene china chalakwika.

Yankho lachiwiri

Ndikugwirizana ndi anzathu ayankha pamwambapa, koma ndionjezere nkhani ya magetsi, popeza mavuto ambiri amene anthu amanamizira Linux amachokera pamenepa. Madraivu opyapyala a kunja alibe nthambo yawoyawo ya magetsi, amakoka mphamvu yonse pa poti ya USB. Malinga ndi muyezo wake, poti ya USB 2.0 imapereka 500 mA, pamene ya USB 3.0 imapereka 900 mA, koma injini yozunguza chimbale imafuna mphamvu yochuluka pa nthawi imene ikuyamba kuzungulira, ndipo kuwala kolembera kumafunanso ina pamene mukubena. Mphamvu ikachepa, mudzamva chimbale chikuyamba kuzungulira, n'kuima ndi kaphokoso kakuti "tiki", n'kuyambanso, ndipo mukayang'ana mauthenga a kernel ndi lamulo la dmesg mudzapeza kuti draivu ikuchoka n'kubwereranso yokha. Zikachitika zimenezi kubena kuli m'kati, chimbalecho chawonongeka basi.

N'chifukwa chake madraivu ena amabwera ndi nthambo ya mitu iwiri, kuti mutu wachiwiri uzingokoka magetsi pa poti ina. Ibayeni pa laputopu penipeni, osati pa hub (kachipangizo kochulukitsa mapoti a USB) yopanda magetsi akeake. Ngati mudzabena zimbale zambiri, makamaka za Blu-ray, ine ndikanasankha draivu yaikulu ya mainchesi 5.25 yoikidwa m'bokosi lokhala ndi adaputa yakeyake. Ndi yolemera ndipo siyoyenda nayo, koma imathamanga bwino ndipo vuto la magetsi silikhalapo.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ngati ndamva bwino, ndiye kuti draivu iliyonse imene ikuoneka ngati sr0 idzatha kuonetsa mafilimu anga a pa DVD?

Yankho lachitatu

Pamenepo ndiye pofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri, kuwerenga chimbale ndi kutsegula zimene zinatsekedwa pa chimbalecho. Zimbale za nyimbo zilibe vuto, cdparanoia imazikopera bwinobwino. Koma ma DVD ambiri a mafilimu ogulitsidwa anatsekedwa ndi njira yotchedwa CSS, ndipo kuti pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC iwaonetse pamafunika pulogalamu yotsegulira ya libdvdcss ya bungwe la VideoLAN. Debian saiphatikiza yokonzeka kale pa mapulogalamu ake chifukwa malamulo okhudza kutsegula zotsekedwa amasiyana m'mayiko. M'malo mwake muli phukusi la libdvd-pkg m'gawo la mapulogalamu a Debian lotchedwa contrib, limene limaikoka n'kuikonza pa kompyuta yanu. Zili kwa inu kufufuza zimene malamulo a dziko lanu amalola.

Palinso nkhani ya zigawo. Ma DVD a mafilimu anagawidwa m'zigawo za dziko lapansi, zazikulu zake kuyambira 1 mpaka 6, ndipo madraivu a masiku ano amasunga nambala ya chigawo m'kati mwawo. Draivu yatsopano nthawi zambiri imabwera isanapatsidwe chigawo chilichonse, ndipo ina imakana kuonetsa filimu mpaka mutaisankhira chigawo ndi pulogalamu ya regionset. Chenjerani kwambiri apa: chigawo chimasinthidwa kasanu kokha, kenaka draivu imakhazikika pa chomalizacho, ndipo kuikanso Linux mwatsopano kapena kupita nayo pa kompyuta ina sikubweza chiwerengerocho. Yang'anani kaye nambala imene ili kuseri kwa makava a ma DVD anu musanasinthe kanthu.

Mafilimu a Blu-ray ndiwo ovutirapo, chifukwa amatsekedwa ndi AACS, ena ndi BD+ pamwamba pake, ndipo ngakhale mapulogalamu owawerengera a libbluray ndi libaacs alipo, sabwera ndi makiyi otsegulira. Ngati cholinga chanu chogulira Blu-ray chikanakhala kuonera mafilimu popanda chovuta, ndikanati muganizirenso.

Yankho lachinayi

Pa funso lakuti DVD kapena Blu-ray, werengerani kukula kwa zimene mukufuna kusunga. CD imatenga 700 MB, DVD wamba 4.7 GB, ya magawo awiri 8.5 GB, pamene Blu-ray imatenga 25 GB kapena 50 GB, ndipo za mtundu wa BDXL zimafika 100 GB ndi 128 GB koma zimafuna draivu yolembedwa kuti BDXL. Zimbale zimene mwabena nokha zilibe CSS kapena AACS, choncho posunga zithunzi Blu-ray imagwira ntchito pa Linux mosavuta, ndipo draivu yomweyo imawerenganso ma CD ndi ma DVD anu. Onetsetsani kuti ndi yolemba Blu-ray, chifukwa pali zina zimene zimangowerenga Blu-ray koma n'kumalemba DVD yokha. Mukafuna zimbale za M-DISC, zimene zinapangidwira kusunga zinthu kwa nthawi yaitali, fufuzani chizindikiro chake pa draivu.

Malo amodzi amene kusatchulidwa kwa Linux pa katoni kumakhudzadi wogula ndi firmware, pulogalamu ya m'kati mwa draivu yomwe imaiyendetsa, popeza makampani ambiri amatulutsa pulogalamu yoikonzera ya Windows yokha. Sichinthu chochitika kawirikawiri, koma draivu ikamakana mtundu watsopano wa zimbale zosalembedwa, mungafunike kubwereka kompyuta ya Windows kuti muikemo firmware yatsopano.