Scarlett 18i20: ndigule kapena ndikhale ndi 2i2 yanga?

Wa situdiyo pa Kasungu boma:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Zaka zinayi tsopano ndikujambula ndi Scarlett 2i2, kabokosi kolumikizira maiki ku laputopu. Anyamata a hip hop, dancehall ndi amapiano sandivuta: biti ndimapanga pa pulogalamu ya FL Studio, woimba amalowa yekha pa maiki. Nkhani ili pa makwaya. Fodya akayamba kugulidwa ku Chinkhoma amabwera motsatizana, ndipo sabata yatha amayi a Chigwirizano anafika 18 ndi ng'oma ziwiri. Polowetsa maiki ndili napo pawiri pokha. Wina ku Lilongwe akugulitsa Scarlett yaikulu, 18i20, yogwirapo kale ntchito. Ndigule?

Mkulu wa ku Santhe:
Gulani achimwene. Ija imalowa maiki 8 nthawi imodzi. Soprano payokha, alto payokha, ng'oma payokha. Wina akasemphanitsa mawu mumakonza mbali yakeyo basi.

Wa ku Nkhamenya:
Koma maiki 8 wo muli nawo? Nanga zingwe ndi masitandi? Komanso musaiwale, 2i2 imadya moto wa laputopu kudzera pa USB, pomwe 18i20 imafuna soketi. Magetsi akathima pakati pa nyimbo, amayi ochokera ku Chulu pa lole muwauza kuti abwere mawa?

Mphunzitsi wa kwaya:
Ine ndiyankhule ngati woimbitsa. Amayi athu anazolowera kumverana. Tinawagawa tsiku lina, aliyense chomvera kukhutu, nyimbo inatuluka yoyera koma yozizira, ngakhale wotsogolera anachita manyazi kukweza mawu. Ina tinajambulira m'tchalitchi m'mawa kusanatenthe, malata asanayambe kulira, maiki awiri a condenser (aja amatola ngakhale mawu apansipansi) kutsogolo, ng'oma kumbuyo kwenikweni. Imeneyo ndi imene anthu amaipempha pa maukwati mpaka lero.

Mkulu wa ku Santhe:
Aphunzitsi, zoona, koma munthuyu sajambula kwaya yokha. Likabwera bandi la magitala ndi ma drums, awiriwo sakwana.

Wa situdiyo pa Kasungu boma:
Mabandi chaka chino abwera awiri okha, kunena zoona. Ndipo maiki a condenser ndili nayo imodzi.

Wa ku Nkhamenya:
Ndiye yambani mwagula inzake yofanana nayo, ndalama yotsalayo muike pa batire ndi inverter. Ngati mtima ukadali pa 18i20, pitani nokha ku Lilongwe ndi laputopu ndi maiki yanu, muyese polowetsa paliponse, 48V, moto wopita ku maiki a condenser, muyatsenso. Musatumize ndalama musanaigwire m'manja.

Wa situdiyo pa Kasungu boma:
Aphunzitsi, Loweruka lino ndingabwere ku tchalitchi kwanu ndidzaone mmene mumawaimikira amayiwo?

Mphunzitsi wa kwaya:
Bwerani mwanawanga, timayamba 6 koloko.