Thandizeni maganizo, tisamukire ku distirikiti ya A kapena tikhale pomwe tili?

Moni nonse a pagulu pano, a admin zikomo pondilola kuposita. Funso langa likupita kwa makolo amene muli ku America makamaka Texas. Lendi ya apatimenti yathu ikutha mu June ndiye ine ndi bambo a kunyumba tasemphana pa nkhani ya sukulu za ana. Kuno mwana amapita kusukulu komwe adiresi yako yagwera, ndiye distirikiti yathu ya masukulu TEA (bungwe loyang'anira maphunziro ku Texas) inaipatsa chilembo C, ana ambiri ndi ma Hispanic ndi akuda ndipo ochuluka amadya chakudya chaulere kusukulu. Tsidya lina la msewu waukulu kuli distirikiti ya A koma lendi ikukwera ndi $400 pamwezi, zipinda ziwiri zomwezi. Wamkulu ali giredi 4, anatipeza chaka chatha, Chingerezi akumva koma kulemba kukumuvutabe, wamng'ono ayamba kindergarten mu August. Bambo akuti tisamuke basi olo awonjezere mashifiti, koma ine mtima sukulola chifukwa mphunzitsi wa ESL (wophunzitsa Chingerezi kwa ana a zilankhulo zina) amamutenga mwanayu payekha m'mawa kuwerenga naye ndipo amandilembera pafoni kuti lero tafika tsamba lakuti. Winanso kutchalitchi akuti tingolemba adiresi yake anawo alowe ku A ko ife tisasamuke. Kodi A yu ndi C yu akuyeza chani kwenikweni, ndipo ndi zoona kuti sukulu za uko zili ndi ndalama zambiri?

Mayankho

1. Achemwali za adiresi ya munthu wina zisiyeni lero lomwe. Mu 2011 mayi wina wa ku Akron, Ohio anamangidwa chifukwa cholembetsa ana ake pa adiresi ya bambo ake omubereka, nanji ya mnzanu wa kutchalitchi. Madistirikiti ena amatuma munthu kudzaona ngati mwana amagonadi pamenepo. Kwa ife obwera mlandu ngati umenewu ukhoza kukuonongerani mapepala.

2. Samukani mayi, ana ndiye chuma chathu kunja kuno. $400 mudzaiwala.

3. Ine ndimagwira ntchito m'kalasi ngati wothandizira aphunzitsi ndiye ndiyankhe motalikirako. Chilembo chija chimachokera kwambiri ku mayeso a STAAR amene ana amayamba kulemba giredi 3. TEA imaona mbali zitatu, Student Achievement, School Progress ndi Closing the Gaps, pa ziwiri zoyambazo imatenga yomwe sukulu yachita bwino nkuiwerengera 70%, yachitatuyo 30%. Ndiye musangoona chilembo chapamwambacho, lowani pa txschools.gov mutsegule sukulu yeniyeniyo osati distirikiti yonse, chifukwa mkati mwa distirikiti ya C mumapezeka sukulu ya pulayimale ya B kapena A, ndipo mwana wanu sakaphunzira mu distirikiti yonse, akalowa geti limodzi. Muone School Progress, imeneyo ndi imene ikuonetsa ngati mwana amene anayamba chaka ali pansi wakwerako. Achievement nthawi zambiri imangotsatira matumba a makolo, kumene ana ali ndi ma tutor kunyumba ndipo anayamba kuwerenga asanalowe sukulu mayeso amakhoza basi olo mphunzitsi akhale wamba. Muonenso zotsatira za gulu lomwe akulitcha emergent bilingual (ana amene akuphunzira kumene Chingerezi), ndi momwe muli mwana wanuyo. Sukulu ina ya A ili ndi ana a ESL ochepa kwambiri moti mphunzitsi wawo ndi mmodzi akuzungulira masukulu angapo.

4. Pa ndalama musanamizidwe kuti lendi yokwera ndiye kuti yonse ikupita mkalasi. Masukulu a boma kuno amayendera msonkho wa nyumba ndi malo komanso ndalama za state, boma la federal limangoikapo pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo khumi. Ku Texas kuyambira 1993 kuli lamulo lomwe anthu amalitcha Robin Hood, madistirikiti olemera amabweza ndalama zina ku state, Austin ISD ndiyo imabweza zambiri. Komanso sukulu ya ana osauka ambiri imalandira ndalama za federal zotchedwa Title I ndipo state imaonjezera ndalama pa mwana wosauka ndi wophunzira Chingerezi. Pamene olemera amapambanira ndi ma bond (ngongole) omangira nyumba za sukulu ndi mabwalo, PTA yotolera ndalama zambiri, ndiponso aphunzitsi okhalitsa sathawako. Mufunse a principal kuti aphunzitsi angati anachoka chaka chatha.

5. Chomwe ambiri sadziwa, Texas imalipira sukulu potengera ana amene abwera tsiku ndi tsiku, nchifukwa chake mwana akangojomba foni imalira kkkk

6. Ine ndikusiyana nawo a nambala 3 pang'ono. Ku pulayimale zoona mutha kukhala, koma ganizirani middle school ndi high school komwe adiresiyo yagwera. Kumeneko ndiye kusiyana kumaonekera, makalasi a AP (a mulingo wa kukoleji) alipo angati, ana akumaliza giredi 12 ndi angati. Komanso anzake a mwana amamukoka. Wanga anali wakuda yekha mkalasi ku sukulu ya A, maphunziro anali bwino koma chaka choyamba ankadya yekha lunch, nazonso muziwerengere.

7. Bambowo akawonjezera mashifiti homuweki azithandiza ndani? Funsani kaye za transfer, madistirikiti ena amalandira ana ochokera kunja ngati malo alipo, kungoti basi sakupatsani muzikawasiya nokha.

Wofunsa: Zikomo nonse, za adiresi zija ndazitaya. Ndalowa pa webusaiti ija, sukulu ya mwana wanga payokha ili ndi B ndipo pa Progress ili pamwamba kuposa momwe ndimaganizira, middle school yake ndiye yandidetsa nkhawa. A nambala 7, fomu ya transfer imatengedwa ku ofesi ya distirikiti yomwe tikufuna kupitayo kapena yathu ino, ndipo amatsegula mwezi wanji?