Laputopu yanga yakana Windows 11, kodi ndiikemo Linux?

Mayi wa ku Kapata

Muli bwanji nonse? Ndili ndi laputopu ya Core i3, RAM yake 4 GB, ndinagula kwa munthu. Muli Windows 10. Ndamva kuti Microsoft inasiya kutumiza zotetezera Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 ikukana kulowa, akuti makinawa alibe katchipi kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Zogula ina iwalani, ndalama zonse zathera ku feteleza.

Ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi a mtedza ndi soya. Mayina a mamembala, zimene aliyense wasonkha, matumba amene tapima pa sikelo, zonse zili mu Excel. Makalata ndimalemba mu Word n'kukapulinta m'tauni. Madzulo mwana wanga wamkazi amaphunzirirapo za kusukulu. Mlamu wanga akuti ndiike Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, chifukwa ndi yaulere. Mtima wanga uli pa mabuku a kopaletivu. Akasokonekera, pa msonkhano ndikawauza chiyani anthu?

Wokonza makompyuta, Kalongwezi

Amayi, alamu anu sananame, koma musafufute kanthu lero. Choyamba koperani mafayilo onse pa fulashi ziwiri, ina ikakhale kwa msungichuma wanu.

Kenako pezani fulashi yachitatu ya 8 GB yopanda kanthu. Pa 4 GB ya RAM tengani Linux Mint ya mtundu wa Xfce, ndiyo yopepuka. Fayilo yake imayandikira 3 GB, ndiye dikirani bandulo ya usiku kapena kopani kwa wina amene ali nayo kale. Muiike pa fulashi ndi pulogalamu yotchedwa Rufus. Poyatsa laputopu dinani batani losankhira poyambira, pa HP ndi F9, pa Dell ndi F12, musankhe fulashiyo. Linux idzayenda kuchokera pa fulashi osakhudza Windows yanu ngakhale pang'ono. Mukazimitsa n'kuzula, zonse zili mmene munazisiyira.

Muli momwemo yesani Wi-Fi, mawu, ndiponso tsegulani buku lenileni la kopaletivu mu LibreOffice Calc, pulogalamu yofanana ndi Excel yomwe imabwera kale m'katimo. Wi-Fi ikakana, nthawi zambiri ndi tchipi ya Broadcom. Mukadzaika Linux, lumikizani foni ndi chingwe ikupatseni intaneti, mutsegule Driver Manager, zitheka.

China chimene ndimauza aliyense kuno: musayambe kuika batire ili theka. Magetsi akazima uku makina akugawa disiki, ndiye mumabwera kwa ife mukulira.

Mphunzitsi ku Katete

Ine ndisiyaneko maganizo pang'ono, achemwali. Ganizirani mwanayo. Kusukulu kwathu makompyuta onse ndi a Windows, ndipo ana amazolowera pamene pali batani lililonse mu Word ndi Excel. Wochenjera savutika, koma wina akapeza zinthu zasuntha amangoti kakasi. Ngati disiki ili ndi malo, ikani Linux pambali pa Windows, muzisankha poyatsa. Za intaneti ndi za ndalama muzichitira ku Linux, Windows ikhale yophunzirira mwana, osailumikiza ku intaneti.

Wowerengera ndalama, Petauke

Ndakhala pa LibreOffice zaka zingapo ndipo sindinong'oneza bondo. Inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice, si chinthu chadzulo. Kuwonkhetsa, SUM, IF, VLOOKUP, kusanja mayina, zonsezo zimayenda bwinobwino. Pamene pamavuta ndi pa ma macro, timapulogalamu ta m'kati mwa fayilo togwira ntchito tokha mukadina batani. Ngati fayilo yanu imathera ndi .xlsm, yesani batani lililonse musanasamuke. Ndipo amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama ya Pastel ya pa kompyuta akhale pa Windows, imeneyo ya Linux kulibe.

Za makalata mumve bwino. Zilembo za Calibri za mu Word mu Linux mulibe, ndiye kalata ya tsamba limodzi imatha kusefukira pa lachiwiri, siginecha ya wapampando n'kukhala yokha kuseri. Ikani zilembo za Carlito, zimafanana nazo muyeso. Popita kokapulinta musatenge .docx, dinani Export as PDF, pepala lidzatuluka ndendende mmene munalionera kunyumba. Ubwino winanso, tizilombo tija tosandutsa mafoda kukhala ma shortcut mukabwerako kokapulinta ndi ta Windows, pa Linux satha kuyenda. Mafayilo amene tizilomboto tabisa mumawaona onse.

Aphunzitsi, LibreOffice iliponso ya Windows. Amayiwa atha kuiika lero n'kuyamba kuizolowera.

Mayi wa ku Kapata

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Ndayang'ana, mafayilo anga onse ndi .xlsx. LibreOffice ndaiika pa Windows pompano, ndatsegula buku la mtedza wa chaka chatha, ndalama za pansi zikugwirizana ndi za m'kope la msungichuma mpaka ngwee. Disiki ndi ya 500 GB, zochuluka mmenemo ndi zithunzi za ukwati basi. Ndiye nditsatira za aphunzitsi, ziwiri zonse zikhalemo. Achimwene a ku Kalongwezi, Linux ndiipatse malo ochuluka bwanji?

Wokonza makompyuta, Kalongwezi

100 GB ikukwanirani, amayi. Posankha dinani pamene palembedwa kuti Install alongside Windows, osati Erase disk, pawerengeni kawiri. Musanatero zimitsani Fast Startup mu Windows, apo ayi Linux idzakana kulemba pa mafayilo a mbali inayo. Mukamaliza tsegulani Timeshift isunge kope la mmene makina alili tsiku lomwelo, loti mudzabwererepo zikadzavuta.