Gemu ya zilombo za Bosch: ndidutse bwanji gawo lachiwiri?

Wa ku Mpondasi: Akuluakulu, ndikusewera gemu ya zilombo zonga za m'zojambula za Hieronymus Bosch, yomenyana mosinthana, yoti ukafa umayambiranso pachiyambi. Gawo lachiwiri landikanika. Nditani?

Wa ku Namwera: Achimwene, adani sasuntha mpaka inu mutasuntha, ndiye musapupulume. Chimapha ambiri ndi kumenyera poyera. Pa mapu a timabokosi adani 8 atha kukuzingani nthawi imodzi. Bwererani m'kanjira kopapatiza, azibwera mmodzimmodzi. Yambani ndi amene amachiritsa anzake, apo ayi mabala onse amene mwawapatsa apola. Mankhwala imwani moyo ukafika theka, ambiri amafa nawo ali m'thumba.

Wa ku Monkey Bay: Kuloweza njira sikuthandiza, mapu amasintha mukayambiranso, ngati mmene zinalili mu gemu yakale ya Rogue ya 1980. Lowezani machitidwe a mdani aliyense. Zithunzinso n'zamdima, kwezani gamma (kuwala kwa zithunzi m'gemumo) kuti misampha izioneka.

Wa ku Malindi: Ndi kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala, laputopu isakhale pa matiresi, mpweya umatsekeka n'kuzima yokha. Magemu ena otere amasunga pomwe mwafika pokhapokha mukatuluka bwinobwino, ndiye ikazima mwadzidzidzi mutha kutaya zonse.